Kuyatsa ndi Kuzimitsa Majini: Zimene Kansomba ka Zebrafish Kaphunzitsa Akatswiri a Sayansi

M'nyumba zochitira kafukufuku za m'mayiko ambiri muli mathanki ang'onoang'ono a madzi momwe akatswiri a sayansi amaweta kansomba kotchedwa zebrafish. Kansombaka n'kochepa zedi, kutalika kwake sikupitirira masentimita anayi kapena asanu, koma kathandiza akatswiri kudziwa zambiri za mmene mtima umaumbikira, mmene khansa imayambira ndi mmene tizilombo toyambitsa chifuwa chachikulu cha TB timafalikira m'thupi. Zimenezi zatheka chifukwa cha zipangizo zimene zakhala zikukonzedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Zipangizozi zimapatsa wofufuza mphamvu yolamula jini imodzi kuti igwire ntchito kapena ileke, m'chiwalo chimene iye wasankha ndiponso pa nthawi imene iye akufuna.

Nsomba yake ndi yotani

Kwawo kwa zebrafish ndi kumwera kwa Asia, m'timitsinje, m'madambo ndi m'minda ya mpunga ya ku India, Bangladesh ndi Nepal. Dzina lake la sayansi ndi Danio rerio, ndipo dzina lakuti zebrafish linabwera chifukwa cha mizere imene ili m'nthiti mwake, yofanana ndi ya mbidzi. Kansombaka n'ka banja limodzi ndi usipa wa m'Nyanja ya Malawi.

Amene anayamba kuiweta n'cholinga chofufuza za majini ndi George Streisinger wa pa yunivesite ya Oregon ku America. Iye anagwira ntchitoyi kwa zaka pafupifupi khumi anthu ambiri asanaione phindu, mpaka mu 1981 pamene zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya sayansi ya Nature. Streisinger anamwalira mu 1984, koma anzake anapitiriza ntchitoyo.

Zifukwa zimene nsombayi inakondedwera n'zomveka. Yaikazi imodzi imatha kuikira mazira 200 kapena kuposa apo pa sabata. Mazirawo amakulira kunja kwa thupi la mayi, ndipo mluza wake umaonekera mkati ngati galasi, kotero kuti munthu amatha kuona selo lililonse pa maikulosikopu nsombayo ili yamoyo. M'madzi ofunda madigiri 28, mtima umayamba kugunda pakatha maola pafupifupi 24, kansomba kamaswa pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo pakatha miyezi itatu kamakhala katakula moti n'kuyamba kubereka. Mu 2013 bungwe la Wellcome Trust Sanger Institute ku Britain linalengeza kuti latsiriza kuwerenga majini a nsombayi. Linapeza kuti ili ndi majini oposa 26,000 opanga mapuloteni, ndiponso kuti pa majini 100 alionse a munthu, pafupifupi 70 ali ndi anzake ofanana nawo mwa zebrafish. Pa majini amene amadziwika kuti amakhudzana ndi matenda a anthu, chiwerengerocho chimapitirira 80 pa 100 alionse.

Kodi jini imagwira ntchito bwanji

Pafupifupi selo lililonse la m'thupi lili ndi majini ofanana, olembedwa mu DNA. Selo la mtima limasiyana ndi selo la diso osati chifukwa chakuti lili ndi majini ena, koma chifukwa chakuti majini amene ayatsidwa m'menemo ndi ena. Jini ikayatsidwa, selo limakopera malangizo ake n'kupanga uthenga wotchedwa mRNA, ndipo uthengawo ndi umene umawerengedwa popanga puloteni. Puloteniyo ndiye wantchito weniweni m'thupi. Pafupi ndi jini iliyonse pamakhala zigawo za DNA zimene zimalamula malo ndi nthawi imene jiniyo iyenera kuyaka, ndipo chachikulu mwa izo chimatchedwa promoter.

Choncho wofuna kudziwa ntchito ya jini ali ndi malo angapo oti agwire. Atha kuwononga jini yeniyeniyo mu DNA, atha kutsekereza uthenga wake panjira, kapena atha kuilumikiza ku promoter ina kuti iyake pamalo pamene sikanayaka. Vuto lalikulu n'lakuti majini ambiri amagwira ntchito kangapo pa moyo wa nyama. Jini imene imafunika poumba mtima pa tsiku loyamba itha kufunikanso pochiritsa bala nsomba itakula. Ikawonongedwa kuyambira pachiyambi, mluza umafa, ndipo ntchito yake yachiwiri siingadziwike. N'chifukwa chake akatswiri akhala akufunafuna njira zolamulira malo ndi nthawi.

Njira yoyamba: kuwononga mwachisawawa

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, magulu awiri anachita kafukufuku wamkulu. Limodzi linali ku Tübingen m'dziko la Germany, motsogozedwa ndi Christiane Nüsslein-Volhard, lina linali ku Boston, motsogozedwa ndi Wolfgang Driever ndi Mark Fishman. Iwo ankaviika nsomba zazimuna m'mankhwala otchedwa ENU, amene amasintha zilembo za DNA mwachisawawa, kenako ankayang'ana adzukulu ndi zidzukulutudzi za nsombazo kuti aone tiana topunduka mtima, maso, magazi kapena ubongo. Zotsatira zake zinadzaza magazini yonse ya Development ya mwezi wa December 1996, m'malipoti 37.

Njirayi inaulula majini ambiri ofunika. Mwachitsanzo, mu 2000 nsomba ina yosowa magazi yochokera m'kafukufukuyu inathandiza kupeza puloteni yotchedwa ferroportin, imene imatulutsa ayironi m'maselo kupita m'magazi, mwa nsomba ndi mwa anthu omwe. Koma njirayi inali ngati kuponya khoka m'nyanja usiku. Wofufuza sankasankha jini yoti iwonongeke, ndipo kuti adziwe jini imene yawonongeka pankatha zaka.

Morpholino: kutsekereza uthenga panjira

Mu 2000, Aidas Nasevicius ndi Stephen Ekker a ku yunivesite ya Minnesota anasonyeza kuti chipangizo chotchedwa morpholino chimagwira ntchito mwa zebrafish. Morpholino ndi kachingwe kopangidwa m'labotale, ka zilembo pafupifupi 25, kokonzedwa kuti kakamatirire ku uthenga wa jini imene wofufuza wasankha. Kakamatirira, selo limalephera kuwerenga uthengawo ndipo puloteni siipangidwa. Wofufuza amabaya kachingweka m'dzira ndi singano yagalasi yopyapyala kwambiri, dziralo lisanagawikane kwambiri, ndipo patatha tsiku limodzi kapena awiri amaona zotsatira zake. Jini yeniyeniyo siikhudzidwa, ndipo mphamvu ya morpholino imatha pakapita masiku ochepa pamene maselo akuchuluka.

Mofananamo, wofuna kuwonjezera puloteni amabaya mRNA yopangidwa m'labotale. Njira ziwirizi zinagwiritsidwa ntchito pamodzi mu 2005, pamene gulu la Keith Cheng ku Penn State linafufuza nsomba yotuwa yotchedwa golden. Iwo atatsekereza jini yotchedwa slc24a5 mwa nsomba zabwinobwino, nazonso zinatuwa. Atabaya mRNA ya munthu ya jini yomweyo mwa nsomba zotuwazo, mtundu wakuda unabwerera. Mwa njira imeneyi zinadziwika kuti jiniyi ndi imodzi mwa majini akuluakulu amene amachititsa kusiyana kwa khungu pakati pa anthu a ku Ulaya ndi a ku Africa.

Kulowetsa jini yatsopano: GFP ndi Tol2

Kuti munthu aone pamene jini yayaka, pamafunika chizindikiro. Chizindikiro chodziwika kwambiri ndi puloteni yotchedwa GFP, imene imawala mobiriwira ikaunikidwa ndi kuwala kwa buluu. Osamu Shimomura anaipeza mu 1962 m'kanyama ka m'nyanja kotchedwa Aequorea victoria, ndipo mu 2008 iye pamodzi ndi Martin Chalfie ndi Roger Tsien analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi. Jini ya GFP ikalumikizidwa ku promoter ya maselo a magazi, maselo a magazi okha ndi amene amawala. Mu 2002, Nathan Lawson ndi Brant Weinstein anapanga mtundu wa zebrafish umene mitsempha yake yonse ya magazi imawala, ndipo mtunduwu ukugwiritsidwabe ntchito m'malabotale ambiri.

Poyamba kulowetsa jini yachilendo kuti ikhazikike ndi kupitirira kwa ana kunali kovuta, pakuti pa nsomba zambiri zobayidwa ndi zochepa zokha zimene zinkapatsira ana awo. Yankho linachokera ku Japan. Mu 1996 akatswiri a ku Nagoya anapeza mwa nsomba ina yotchedwa medaka kachigawo ka DNA kotha kudzidula n'kukadzilowetsa pamalo ena, ndipo anakatcha Tol2. Koichi Kawakami anakasandutsa chonyamulira. Jini imene ikufunika imaikidwa pakati pa nsonga ziwiri za Tol2, ndipo imabayidwa m'dzira pamodzi ndi mRNA yopanga puloteni yodula ndi kumata. Mu 2004 gulu lake linasonyeza kuti pafupifupi theka la nsomba zobayidwa motere zimapatsira ana awo jini yatsopanoyo. Zipangizo zambiri zimene zikufotokozedwa m'munsimu zimalowetsedwa mwa nsomba kudzera mwa Tol2.

Gal4 ndi UAS: kulamula malo

Tiyerekeze kuti wofufuza ali ndi majini khumi amene akufuna kuwayesa m'ziwalo khumi. Kuti apange mtundu wa nsomba wa jini iliyonse m'chiwalo chilichonse, angafunike mitundu 100. Njira ya Gal4 ndi UAS imachepetsa chiwerengerocho kufika pa 20, chifukwa imagawa ntchitoyo pawiri.

Gal4 ndi puloteni ya mu yisiti imene imayatsa jini iliyonse yokhala ndi kachigawo ka DNA kotchedwa UAS patsogolo pake. Zebrafish mwachibadwa ilibe Gal4 ndipo ilibenso UAS. Wofufuza amapanga mtundu umodzi wa nsomba umene umapanga Gal4 m'chiwalo chimodzi, mwachitsanzo m'chiwindi. Amapanganso mtundu wina wokhala ndi jini yoyesedwayo kuseri kwa UAS, momwe imangokhala chete popeza palibe choiyatsa. Mitundu iwiriyi ikaberekana, mwana amene watenga mbali zonse ziwiri amayatsa jiniyo m'chiwindi mokha. Ubwino wina ndi wakuti ngakhale jini yoopsa, yotha kupha nsomba, imasungika bwinobwino mwa kholo lake chifukwa mwa iye siinayake.

Andrea Brand ndi Norbert Perrimon anayambitsa njirayi mu 1993 pa ntchentche za zipatso, ndipo Nico Scheer ndi José Campos-Ortega anaibweretsa kwa zebrafish mu 1999. Mu 2008 gulu la Kawakami linaiphatikiza ndi Tol2, n'kupanga mitundu yambirimbiri ya nsomba yokhala ndi Gal4 m'magulu osiyanasiyana a maselo a ubongo ndi msana. Poyatsa m'maselo amenewo poizoni wa kafumbata, amene amaletsa selo kutumiza uthenga kwa linzake, anatha kuona maselo amene amathandiza kansomba kuthawa kakakhudzidwa.

Njirayi ili ndi chilema chake. Maselo a nsomba amaona kachigawo ka UAS kobwerezabwereza ngati chinthu chachilendo, ndipo amakamata timankhwala totseka, kotero kuti pakapita mibadwo ingapo jini ija imayamba kuyaka mwa apo ndi apo kapena kuzimiratu. Gulu la Marnie Halpern ku Baltimore linafotokoza vutoli mu 2009, ndipo mu 2014 linabweretsa njira ina yofanana nayo, yotchedwa QF ndi QUAS, yochokera ku nkhungu yotchedwa Neurospora crassa. Popeza njira ziwirizi sizisokonezana, wofufuza amatha kulamula majini awiri m'magulu awiri a maselo mwa nsomba imodzi.

Kutentha, mankhwala ndi kuwala: kulamula nthawi

Njira yosavuta yolamulira nthawi imadalira kutentha. Maselo a zamoyo ali ndi majini amene amayaka pamene kwatentha mopitirira muyezo, ndipo imodzi mwa iwo ndi hsp70. Mu 2000 akatswiri anasonyeza kuti promoter ya jiniyi itha kulumikizidwa ku jini ina iliyonse mwa zebrafish. Nsomba ikakhala m'madzi a madigiri 28 jiniyo siyaka. Ikaikidwa m'madzi a madigiri 37 mpaka 40 kwa mphindi 30 kapena ola limodzi, jiniyo imayaka m'thupi lonse, kenako imazimanso. Choipa chake n'chakuti kutenthako pakokha kumavutitsa nsomba, ndipo kumayatsa majini ena amene wofufuza sanawafune.

Njira ina imadalira mankhwala othiridwa m'madzi. Ya Tet-On, imene inachokera ku ntchito ya Manfred Gossen ndi Hermann Bujard ya m'zaka za m'ma 1990, imayatsa jini pamene m'madzi mwathiridwa doxycycline, mankhwala omwe aja amene amaperekedwa m'zipatala polimbana ndi mabakiteriya. Mankhwalawo akachotsedwa jini imazima. Popeza tiana ta zebrafish timamwa mankhwala kudzera pakhungu, sipafunikanso jakisoni.

Popeza mluza umaonekera mkati, kuwala nakonso kumalowa mosavuta. Mu 2007 gulu la James Chen ku Stanford linapanga morpholino yomangidwa, imene siigwira ntchito mpaka itamasulidwa ndi kuwala. Mu 2017 kunatuluka chipangizo chotchedwa TAEL, chochokera ku puloteni ya bakiteriya wa m'nyanja, chimene chimayatsa jini pamene selo launikidwa ndi kuwala kwa buluu ndipo chimasiya kukachita mdima. Ndi chipangizo chotere munthu amatha kuunika kachigawo kochepa ka mluza n'kusiya kwina konse.

Cre ndi lox: chizindikiro chosafufutika

Njira zili pamwambazi zimayatsa jini kwa kanthawi. Ya Cre ndi lox imasintha DNA kotheratu. Cre ndi puloteni yochokera ku vairasi yotchedwa P1 imene imagwira mabakiteriya. Imazindikira kachigawo ka DNA ka zilembo 34 kotchedwa loxP, ndipo ikapeza tizigawo tiwiri totere imadula ndi kutaya chilichonse chili pakati pake. Wofufuza amaika chotchinga pakati pa ma loxP awiri patsogolo pa jini. Cre ikafika imachotsa chotchingacho, ndipo jiniyo imayaka m'selo limenelo ndi m'maselo onse amene adzachokere mwa ilo.

Kufunika kwa njirayi kunaoneka pa kafukufuku wa khansa ya m'magazi. Mu 2003 David Langenau ndi anzake ku Boston anayatsa jini yotchedwa myc m'maselo oyera a magazi a zebrafish, ndipo nsombazo zinadwala khansa. Koma zinkadwala msanga zisanafike pobereka, choncho mtunduwo unali wovuta kusunga. Mu 2005 iwo anatseka jiniyo ndi chotchinga cha loxP, kuti khansa iziyamba pokhapokha Cre ikalowetsedwa. Mu 2009 gulu la Michael Brand ku Dresden linakonza bwino mtundu wa Cre umene umayembekeza mankhwala a tamoxifen kuti uyambe ntchito. Pamenepo malo ndi nthawi zonse zinakhala m'manja mwa wofufuza.

Chipangizochi chinayankha funso lalikulu lokhudza mtima. Mu 2002 Kenneth Poss ndi Mark Keating anali atasonyeza kuti zebrafish ikadulidwa gawo limodzi mwa magawo asanu a chipinda chachikulu cha mtima wake, mtimawo umameranso m'miyezi iwiri, pamene mtima wa munthu umangopanga chipsera. Funso linali lakuti minofu yatsopanoyo imachokera kuti. Mu 2010 magulu awiri, la Poss ku yunivesite ya Duke ndi la Juan Carlos Izpisúa Belmonte ku Barcelona, anaika chizindikiro cha GFP pa maselo a minofu ya mtima pogwiritsa ntchito Cre ndi tamoxifen. Minofu imene inameranso inali yowala mobiriwira, kusonyeza kuti inachokera ku maselo akale a mtima amene anayambanso kugawikana. Kuyambira pamenepo, ofufuza za matenda a mtima akhala akufunafuna chimene chimaletsa maselo a mtima wa munthu kuchita chimodzimodzi.

Palinso njira yochotsera maselo osankhidwa popanda mpeni. Mu 2007 magulu awiri a ku America analowetsa mwa nsomba jini ya bakiteriya yotchedwa nitroreductase. Puloteni yake imasandutsa metronidazole, mankhwala amene ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Flagyl, kukhala poizoni mkati mwa selo. Jiniyo ikayatsidwa m'maselo opanga insulini okha, mankhwalawo amapha maselo okhawo, ndipo akachotsedwa wofufuza amaonerera mmene maselowo akubwereranso. Ofufuza za matenda a shuga amadalira kwambiri njirayi.

CRISPR ndi mkangano umene inabweretsa

Kwa nthawi yaitali kunalibe njira yosavuta yowonongera jini yosankhidwa mu DNA ya zebrafish. Zipangizo zoyamba zodulira DNA pamalo ofunidwa zinayesedwa mwa nsombayi mu 2008 ndi mu 2011, koma zinali zovuta kupanga. Mu 2012 Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anafotokoza mmene puloteni ya Cas9 ingatsogoleredwe ndi kachingwe ka RNA kuti idule DNA pamalo alionse, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2020. Kumayambiriro kwa 2013, akatswiri a ku Massachusetts General Hospital anasonyeza kuti njirayi, yotchedwa CRISPR, imagwira ntchito mwa zebrafish. Pofika mu 2015 zinali zotheka kuyatsa Cas9 m'chiwalo chimodzi chokha, ndipo mu 2020 puloteni ina ya banja lomwelo, Cas13d, inayamba kugwiritsidwa ntchito podula uthenga wa mRNA m'malo mwa DNA.

Njira zatsopanozi zinavumbula nkhani yosautsa. Mu 2015 gulu la Nathan Lawson ku yunivesite ya Massachusetts linayerekeza nsomba zobayidwa morpholino ndi nsomba zimene jini yomweyo inawonongedwa mu DNA. Linapeza kuti pa zilema 100 zilizonse zimene zinanenedwa kuti zabwera ndi morpholino, pafupifupi 80 sizinkaoneka mwa nsomba zachiwirizo. Zinali zitadziwika kale kuyambira mu 2007 kuti ma morpholino ena amadzutsa jini ya p53, imene imapha maselo, ndipo motero amabweretsa zilema zosakhudzana ndi jini yofufuzidwayo. Ambiri anayamba kukayikira malipoti a zaka 15 zapitazo, ndipo ena anafika ponena kuti chipangizo chimene chinatamandidwa kwambiri chinali chikomekome cha mkuyu.

Chaka chomwecho gulu la Didier Stainier ku Bad Nauheim m'dziko la Germany linapeza mbali ina ya nkhaniyo. Pofufuza jini yotchedwa egfl7, linaona kuti nsomba zobayidwa morpholino zinali ndi mitsempha ya magazi yowonongeka, pamene nsomba zimene jiniyo inawonongedwa mu DNA zambiri zinali bwinobwino. Chifukwa chake chinali chakuti mwa nsomba zachiwirizo thupi linayatsa majini ena ofanana nayo kuti agwire ntchito m'malo mwake. Mu 2019 gululi, pamodzi ndi gulu lina la ku China, linasonyeza kuti chimene chimadzutsa majini olowa m'malowo ndi kuphwanyidwa kwa uthenga wolakwika wa jini yowonongekayo. Kotero nthawi zina wolakwa amakhala morpholino, nthawi zina nsomba yowonongedwa jini ndi imene imabisa choonadi. Mu 2017 akatswiri ambiri a zebrafish anagwirizana pa malangizo akuti zotsatira za morpholino ziziyerekezedwa ndi za nsomba yowonongedwa jini, ndipo masiku ano magazini a sayansi amayembekezera umboni wochokera ku njira zingapo.

Phindu lake kwa odwala

Kwa anthu a kum'mwera ndi pakati pa Africa, kafukufuku wokhudza TB ndi amene ali pafupi kwambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2023 anthu pafupifupi 10.8 miliyoni anadwala TB ndipo 1.25 miliyoni anamwalira, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a odwalawo anali a mu Africa. Zebrafish imadwala TB yakeyake, yoyambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Mycobacterium marinum, wachibale wapafupi wa amene amagwira anthu. Lalita Ramakrishnan, amene anayamba ntchitoyi ku Seattle ndipo pambuyo pake anasamukira ku Cambridge, anagwiritsa ntchito mabakiteriya owala kuti aone mmene matendawa amayendera mwa kansomba kamoyo.

Madokotala ankakhulupirira kuti timibulu ta maselo a chitetezo timene timazinga mabakiteriya a TB ndi mpanda woteteza thupi basi. Mu 2009 gulu la Ramakrishnan linasonyeza kuti kumayambiriro kwa matenda mabakiteriyawo amakopa maselo atsopano kuti abwere m'timibuluto, n'kuwalowa ndi kufalikira nawo. Mu 2010 ndi 2012, David Tobin wa m'gulu lomwelo anafufuza jini yotchedwa lta4h. Jiniyo ikachepetsedwa mphamvu, chitetezo chinkafooka ndipo mabakiteriya ankachuluka. Ikawonjezeredwa mphamvu pobaya mRNA, thupi linkatupa mopitirira muyezo, maselo a chitetezo ankafa, ndipo mabakiteriya ankachulukabe. Anapezanso kusiyana kwa jini yomweyi pakati pa odwala TB ya muubongo ku Vietnam, ndipo zimenezi zinachititsa kuti pakonzedwe kafukufuku wina wa m'zipatala wofuna kuona amene amapindula ndi mankhwala ochepetsa kutupa. Mfundo yakuti chitetezo chochepa ndi chitetezo chopitirira muyezo zonse n'zoopsa inaoneka bwino chifukwa chakuti kunali zipangizo zotsitsira ndi zokwezera jini imodzimodziyo.

Chitsanzo china n'cha mu 2019 ku Children's Hospital of Philadelphia. Mnyamata wina ankadwala matenda osowa a mitsempha yonyamula madzi a m'thupi, moti madzi ankadzaza m'chifuwa ndi m'miyendo mwake. Madokotala anapeza kuti jini yake yotchedwa ARAF inali yosinthika. Anayatsa jini yosinthikayo m'mitsempha yofanana nayo ya zebrafish, ndipo mitsemphayo inakula molakwika ngati ya mnyamatayo. Atayesa mankhwala pa nsombazo anaona kuti gulu lina la mankhwala a khansa likukonza vutolo. Mnyamatayo anapatsidwa amodzi mwa mankhwalawo, otchedwa trametinib, ndipo anayamba kupeza bwino kwambiri.

Malire ake ndi malamulo

Nsomba si munthu. Zebrafish ilibe mapapo ndiponso ilibe mawere, ndipo mtima wake uli ndi zipinda ziwiri m'malo mwa zinayi. Komanso makolo akale a nsomba zambiri za mafupa anachulukitsa majini awo onse kawiri, choncho majini ena amene munthu ali nawo kamodzi zebrafish ili nawo awiri, ndipo kuzimitsa imodzi sikusonyeza kanthu ngati inzake ikugwirabe ntchito. Zimene zapezeka mwa nsomba zimayenera kutsimikizidwa mwa nyama zina ndi m'maselo a anthu zisanafike kwa wodwala.

Pali nkhani ya ufulu wa nyama. M'mayiko a European Union, lamulo la mu 2010 limateteza tiana ta nsomba kuyambira pamene tayamba kudya tokha, ndipo kwa zebrafish nthawiyo imawerengedwa kuti ndi masiku asanu. Palinso nkhani ya chilengedwe. Zebrafish zowala zimene zinapangidwa ku yunivesite ya Singapore zinayamba kugulitsidwa ku America mu 2003 ngati nsomba zokongoletsera nyumba, m'dzina la GloFish, ndipo mu 2022 ofufuza analengeza kuti nsomba zowala zotere zothawa m'maiwe owetera zapezeka zikuswana m'timitsinje ta ku Brazil. Pangano la Cartagena, limene linayamba kugwira ntchito mu 2003, limayang'anira kudutsitsa zamoyo zosinthidwa majini m'malire a mayiko. M'chigawo chino, South Africa inakhazikitsa lamulo lake mu 1997, Malawi mu 2002 ndipo Zambia mu 2007.

Zipangizo zimene zinakonzedwera zebrafish zayamba kale kugwiritsidwa ntchito pa nsomba za mu Africa. Tol2 yayesedwa pa tilapia wa mu Nile ndi pa nsomba ina ya ku Nyanja ya Tanganyika yotchedwa Astatotilapia burtoni. Mu 2022 akatswiri a ku Cambridge anagwiritsa ntchito CRISPR pozimitsa jini ya oca2 mwa Astatotilapia calliptera, nsomba ya m'Nyanja ya Malawi ndi mitsinje yoizungulira, ndipo nsombazo zinataya mtundu wakuda. Jini yomweyi ndi imene imachititsa mtundu wa chialubino umene umapezeka kwambiri mwa anthu a kum'mwera kwa Sahara. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazana ambiri ya nsomba za banja la chambo ndi mbuna, zosiyana maonekedwe, mano ndi kadyedwe ngakhale kuti majini awo ndi ofanana kwambiri. Akatswiri ambiri akuganiza kuti gawo lalikulu la kusiyanako lagona pa malo ndi nthawi imene majini amayaka, ndipo zipangizo zoyesera ganizo limeneli tsopano zilipo.